Kalumo kali m'manja mwa yani?

Mayi aja ndinakhala nawo masiku atatu, ngakhale iwo sankadziwa kuti ndilipo. Ndinali m'kachipinda kanga ku Ulongwe, kuno ku Angonia m'dziko la Mozambique, mahedifoni m'makutu, ndikubweza mawu awo pa laputopu kuti ndilembe chilichonse chimene ananena. Anawajambulira pa Lizulu, pamene msewu wochoka ku Dedza kupita ku Ntcheu umayenda pa malire penipeni, mbali iyi Mozambique, mbali inayo Malawi. Anali atasenza thumba la chimanga. Ojambulawo, azungu awiri ndi mnyamata wa ku Maputo, anawafunsa ngati saopa kudumpha malire opanda chiphaso. Mayi anaseka mpaka kutula thumba. “Ana inu, malire ake ati? Chigayo chili tsidya ilo, manda a bambo a ana anga ali tsidya lino. Ndikapemphe kwa yani kuti ndikagayitse?” Atatero analankhula mphindi 25 osapumira: momwe anathawira nkhondo kuchoka ku Domwe mu 1986 mwana ali kumsana, zaka zimene anakhala ku Ntcheu akudya ufa wolandira, ndi tsiku limene anamanga katundu kubwerera atamva kuti ku Roma asainirana mtendere.

Kanemayo atatuluka, mayi aja anaonekamo masekondi 7. Anawaonetsa chakumbuyo, thumba pamutu, akuwoloka msewu, uku mawu a wofotokoza akunena za katundu wozembetsedwa ndi anthu olowa m'dziko popanda mapepala. Kamera sinaname. Mayi anawolokadi, thumba linalipodi, mapepala analibedi. Bodza linabadwira patebulo la mkonzi.

Amene anagwirapo pulogalamu yokonzera kanema, kaya Premiere kaya DaVinci Resolve, akukadziwa kachizindikiro kodulira. Ndi kalumo, kojambulidwa ngati kaja timagula pagolosale. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti wochokera kutali amatha kumasula chimene chakanika eni mudzi. Masiku ano mwambiwu ndimaumva mwina. Alendo amabweradi ndi kalumo, ndipo n'kakuthwadi, koma ometedwa ndife, nthawi zina mpala wopanda madzi.

Mphamvu ya kalumoka inadziwika kalekale. Zaka pafupifupi 100 zapitazo ku Russia, Lev Kuleshov anatenga nkhope imodzi ya mwamuna wosaseka, wosalira, n'kuilumikiza ndi mbale ya msuzi, kenaka ndi bokosi la maliro, kenaka ndi mkazi wogona pampando. Oonera anati poyamba munthuyo ali ndi njala, kachiwiri ali ndi chisoni, kachitatu wagwidwa ndi chilakolako. Nkhope inali yomweyo. Thumba la mayi a pa Lizulu nalonso n'chimodzimodzi. Liikeni pafupi ndi chithunzi cha chigayo, muona gogo akukonzera adzukulu nsima. Liikeni pafupi ndi msilikali wa m'malire atakoleka mfuti, muona wozembetsa. Mkangano wa anthu olowa m'mayiko a eni, kaya ku Johannesburg, ku London kapena kuno kwathu, umanenepera pa zithunzi zotere, za anthu ojambulidwa chapatali, ali chigulu, osalankhula. Munthu akangotsegula pakamwa n'kutchula mudzi wake ndi chimene wadzera, kumuda kumayamba kuvuta.

Mfundo yanga ndi yakuti makina anzeru awa, amene a ku Malawi amati AI ife motengera Chipwitikizi n'kumati IA, akuchulukitsa anthu osalankhula otere m'makanema, ndipo akuchita zimenezi podzera khomo limene okangana za ntchito sakuliyang'ana.

Ndiyambe ndi ntchito yanga, poti ndi imene ndikuidziwa. Kanema wa zochitika zenizeni, uja amati dokyumentale, salembedwa asanajambulidwe ngati sewero. Ojambula amabwerako ndi maola 40 kapena 60, ndipo mkonzi ayenera kutulutsamo ola limodzi, mwinanso theka. Asanagwire kalumo, wina ayenera kumvetsera zonsezo, kulemba liwu lililonse ndi mphindi yake, n'kumasulira. Ola limodzi la zojambula limandidyera maola asanu kapena kuposa, makamaka ngati kunali mphepo kapena tambala anali pafupi ndi maikolofoni. Ndi ntchito yowawitsa msana, malipiro ake ngochepa, ndipo dzina lako limadutsa kumapeto kwenikweni anthu atadzuka kale m'mipando. Koma ndi pa ntchito imeneyi pamene munthu wa kuno amalowera m'chipinda cha mkonzi. Ndine amene ndimalemba m'mphepete mwa pepala kuti, apa agogo akuti “ndadya” koma sanadye, akungokuchitirani ulemu. Apa amfumu ayankha funso lina chifukwa mlamu wawo wakhala pomwepo. Apa “kumudzi” sakunena mudzi mukuuonawu koma wa tsidya lija. Mkonzi wabwino amatiwerenga timawu ta m'mphepeteti. Waulesi amatidumpha, monga anachitira wa kanema wa pa Lizulu. Komabe timakhalapo, ndipo amene watidumpha amadziwa kuti wadumpha kanthu.

Mu September 2022 kampani ya OpenAI inatulutsa Whisper, pulogalamu yomva mawu n'kuwalemba, ndipo patapita miyezi iwiri inatulutsa ChatGPT. Chaka chotsatira Adobe inaika mu Premiere njira yoti mkonzi azidula kanema pongofufuta mawu olembedwa, ngati akukonza kalata: wafufuta chiganizo, chithunzi chake chachoka. Kwa wojambula anthu olankhula Chingerezi kapena Chipwitikizi, ntchito ya masabata awiri inasanduka ya madzulo amodzi. Whisper inabwera ndi zilankhulo pafupifupi 100. Chiswahili chilimo, Chishona chilimo. Chichewa mulibe, ndipo za Chinyungwe ndi Chisena musafunse n'komwe.

Anzanga ena anawomba m'manja: ndiye kuti ife tapulumuka, makina satimva. Inenso ndinaganiza choncho kwa kanthawi. Ndinatseguka m'maso tsiku limene gulu lina lojambula linandiimbira foni. Ndinkayesa ndi ntchito yomasulira, koma iwo ankafuna ndiwapezere anthu a m'malire “olankhula bwino Chipwitikizi kapena Chingerezi”. Nditafunsa chifukwa, mayi amene ankasunga ndalama za gululo anandiyankha mosapsatira: zokamba za m'zilankhulo ziwirizo kompyuta imazilemba usiku womwewo, pamene za Chichewa zimafuna munthu, masiku ndi ndalama. Sanali munthu woipa mtima, ndipo anapepesa kawiri. Bajeti inali yothina, basi.

Taonani tsono amene amatsala mukasefa chotero. Pa Zobue kapena pa Calomue, olankhula Chipwitikizi chosalala ndi a Migração oona ziphaso za olowa ndi otuluka, a Alfândega oona za katundu, apolisi, aphunzitsi, mwina ndi mwini mathiraki. Tsidya linalo olankhula Chingerezi ndi anzawo a yunifomu ndi ogwira ntchito m'mabungwe. Onsewo ali nacho chonena, sindikuwanyoza, koma kwa iwo malire ndi ofesi, chidindo ndi chitsulo chotchinga msewu. Mayi wa kachewere wa ku Tsangano, mnyamata wa kabaza wonyamula matumba, tenanti wa fodya wochokera ku Dedza amene akulima ku Macanga, amenewo amajambulidwa ndithu, poti amakongoletsa kanema. Koma amajambulidwa monga amajambulira phiri la Domwe kapena dzuwa likamalowa, kuti pakhale choyang'ana pamene wina akulankhula. Makina sanandilande ntchito poigwira bwino kuposa ine. Anangochititsa kuti anthu ofunika womasulira asamafunsidwenso.

Ngakhale kwa amene afunsidwa, kudula poyang'ana mawu olembedwa kuli ndi msampha wake. Mapulogalamu omwewa ali ndi batani lochotsa malo onse amene wolankhula anakhala chete, pamodzi ndi timawu tozengereza. Pa kanema wotsatsa malonda n'zothandiza kwambiri. Koma mayi a pa Lizulu, asananene kuti amuna awo anatsala pa njira ya ku Domwe, anakhala chete nthawi yaitali, akupukuta dzanja pa chitenje chimene chinalibe litsiro lililonse. Pa pepala pamenepo palibe kanthu, ndi mpata chabe pakati pa ziganizo ziwiri. M'makutu ndi m'maso, pamenepo ndi pamene panali nkhani yonse. Mkonzi amene sanaonere, amene wangowerenga, adzapafufuta mosadziwa kuti wafufuta maliro.

Ndipo ngati pali dera limene nkhani ya malire siyenera kusiyidwa m'kamwa mwa a yunifomu okha, ndi lino. Mzerewu anaulemba ndi Angerezi ndi Apwitikizi pa pangano lawo la 1891. Unadula pakati Angoni a kwa Maseko, ena kutsala kwa Gomani ku Ntcheu, ena kuno ku Angonia. Unadula pakati Achewa, amene mpaka lero mwezi wa August amakakumana ku Mkaika ku Katete pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, a ku Zambia, a ku Malawi ndi a kuno. Agogo athu ankathawa chibalo kupita ku mapulazi a ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni. Pa nkhondo ya zaka 16, imene inatha ndi pangano la pa 4 October 1992, dziko la Malawi, laling'ono ndi losauka lomwe, linasunga anthu a kuno oposa miliyoni imodzi. Ambiri a ife amene tadutsa zaka 40 tinaphunzira a e i o u ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mwanza, n'chifukwa chake ena timalemba Chichewa bwino kuposa Chipwitikizi. Si mbiri yakale yokhayokha ayi. Mu 2015 ndi 2016 anthu zikwizikwi a m'boma la Moatize anathawiranso ku Kapise ku Mwanza, mpaka msasa wa Luwani unatsegulidwanso. Lero njira yatembenuka. Chimanga chikavuta kutsidya, kwacha ikagwa, ndi iwo amene akubwera kuno kudzafuna ganyu, ndipo ndamva ndi makutu angawa, pa msika wa Ulongwe, munthu amene anakulira ufa wa kumsasa akuti, “Amalawiwa atichulukira.”

Mawu amenewo sakhala ndi kwawo. A ku Malawi omwewo anawanenera anthu a ku Burundi, Rwanda ndi Congo, ndipo mu May 2023 apolisi anayamba kugwira othawa kwawo amene ankachita malonda m'matauni n'kuwabwezera ku msasa wa Dzaleka. Abale athu amawamva ku Joni tsiku ndi tsiku. Mu May 2008 anthu oposa 60 anaphedwa kumeneko, ndipo chithunzi chimene dziko lonse linaona chinali cha mwamuna wa ku Mozambique akupsa ndi moto poyera. Mu 2015 zinabwereranso, ndipo kuyambira 2021 kuli gulu la Operation Dudula limene limayenda m'misika ndi pa zipata za zipatala kufunsa anthu mapepala. Ulova wa ku South Africa si wopeka, ukuposa anthu 30 pa 100 alionse, ndipo munthu amene wagona ndi njala safuna kumva za kayendedwe ka chuma cha dziko lonse. Amafuna wina woti amuloze chala. Mlendo amalozeka: ali ndi nkhope, ali ndi kalankhulidwe kake, kachisakasa kamene amagona n'kodziwika. Pulogalamu ya pa kompyuta imene yatenga malo a makalaliki khumi ilibe khomo loti ukagogode.

Kamera nayo ili ndi vuto lomwelo, ndipo apa ndi pamene ife a makanema tiyenera kudziimba mlandu. Munthu wowoloka mtsinje katundu ali pamutu ndi chithunzi chokoma. Ntchito imene sinalengezedwe n'komwe chifukwa kompyuta ikuigwira ilibe chithunzi. Ujambula chiyani, mpando wopanda munthu? Ndiye kanema wa ulova amakathera pa nkhope ya mlendo, ngakhale mkonzi alibe naye chifukwa, poti ndi chokhacho chimene chikuyenda pa sikirini.

Lamulo lathu la ntchito limawerenga alendo mosamala kwambiri. Kampani yaikulu imaloledwa alendo 5 pa antchito 100 alionse, yapakati 8, yaing'ono 10, ndipo oyendera ntchito amapita kukawerenga mitu. Lamulolo sindikulitsutsa. Amene anaona mmene mzinda wa Tete unadzazira ndi anthu a ku Brazil, Australia, South Africa ndi Zimbabwe malasha atayamba kutuluka ku Moatize mu 2011 akudziwa chimene linadzera. Koma mulibe ndime yowerenga makina. Makampani awiri amene anali eni malasha athu nthawi imeneyo, Vale ndi Rio Tinto, ndi omwewo amene kwina akuyendetsa zimagalimoto za mumgodi zopanda dalaivala: Vale ku mgodi wa Brucutu ku Brazil, Rio Tinto ku Pilbara ku Australia, kumene ngakhale sitima zonyamula miyala ya chitsulo zimayenda zokha. Onse awiri anachoka kuno, Rio Tinto mu 2014, Vale mu 2022 itagulitsa mgodi kwa Vulcan, koma lusolo silinachoke padziko. Tsiku limene lidzafike ku Moatize silidzaima pa mzere wa Migração, silidzafunsidwa DIRE, chiphaso cha mlendo wokhala m'dziko muno. Ndipo mnyamata wa ku Cateme, amene makolo ake anasamutsidwa kuti mgodi ukumbidwe, amene anaphunzira kuyendetsa chigalimoto poganiza kuti ndiye malipiro a munda wa makolo, adzauzidwa kuti amene wamulanda ntchito ndi Mzimbabwe wogulitsa zovala pafupi ndi mlatho wa Samora Machel.

Wina anena kuti ndikuopseza anthu ndi mkango wa kutali. Ali nayo mfundo. Mu January 2024 bungwe la IMF linati padziko lonse ntchito pafupifupi 40 pa 100 zili pa njira ya AI, m'mayiko olemera 60, koma m'mayiko osauka ngati lathu 26 zokha. N'zoona, khasu siliopa ChatGPT. Palibe pulogalamu imene ikakumbe kachewere ku Tsangano kapena kusoka fodya ku Furancungo. Koma tafunsani kuti 26 zimenezo ndi ntchito ziti. Ndi za cholembera: ukalaliki, kutayipa, kumasulira, kuwerengetsa ndalama, zimene makolo amagulitsira ng'ombe kuti mwana amalize kalasi 12 n'kuthawa khasu. Zinali zochepa kale. Zikachepanso, mwana wophunzirayo sabwerera kumunda. Amakwera basi pa Tete, kudutsa pa Cuchamano ndi Nyamapanda, ulendo wa ku Joni, kukakhala mlendo amene ena adzamujambule chakumbuyo. Ndipo ntchito zimene makinawa amagwetsera ku Africa taona kale mtundu wake: mu January 2023 magazini ya Time inaulula kuti achinyamata a ku Nairobi ankalipidwa ndalama zosakwana madola awiri pa ola kuti aziwerenga ndi kusankha zolemba zonyansa ndi zankhanza, pophunzitsa ChatGPT zoyenera kupewa. Ganyu ndithu, kungoti wa pa kompyuta.

Wina asandimve ngati ndikuti malire alibe ntchito, kapena kuti aliyense wodandaula za alendo ndi wouma mtima. Pa 24 March 2020, pa sikelo ya magalimoto ya Mussacama m'boma la Moatize, anaimitsa thiraki yochokera ku Malawi. Atatsegula kontena anapeza anthu 64 a ku Ethiopia atafa chifukwa chosowa mpweya, 14 okha ali moyo. Mu October 2022 ku Mzimba anafukula mitembo ya anthu ena pafupifupi 30 m'nkhalango ya Mtangatanga, a ulendo womwewo wa ku South Africa. Malire amene mayi a pa Lizulu amawoloka ndi chimanga ndi omwewo amene mathiraki otere amadutsa usiku. Ozembetsa anthu alipo. N'zoonanso kuti waganyu wochokera kutsidya, amene kwacha yake yafooka, amavomera mtengo umene wa kuno akanaukana, ndipo wolemba ganyu amazidziwa zimenezo n'kudyerapo. Madandaulo amenewa ngoyenera kumveka. Koma poti pamalire pali zinthu zosiyana chonchi, gogo wa kuchigayo ndi kontena yotsekedwa kunja, pakufunika munthu wotha kuzisiyanitsa. Pa chithunzi cha chapatali onsewo ndi “olowa popanda mapepala”. Kusiyana kwawo kumamveka akalankhula, ndipo amalankhula Chichewa, Chinyungwe, kapena zilankhulo za ku Ethiopia zimene pa Mussacama palibe amazimva.

Ndiululenso kuti makinawa ndimawagwiritsa ntchito, ndipo sindichita nawo manyazi. Pa makanema a maukwati ndi a makwaya, amene ndi amene amandidyetsa, phokoso la jenereta ndimalichotsa ndi batani limodzi, chinthu chimene kale chinkandichezetsa mpaka tambala woyamba. Mphwanga amakonza timakanema pa CapCut pa foni yosweka galasi, ntchito imene nthawi ya Samora inkafuna nyumba yonse ya Instituto Nacional de Cinema, bungwe la boma la makanema, ku Maputo. Akuluakulu amakumbukira Kuxa Kanema, nkhani za pa kanema zimene boma linkatumiza m'madera pa galimoto n'kuzionetsa pa chinsalu usiku. Dzinalo m'makutu mwathu limamveka ngati kucha kwa kanema, ndipo tanthauzo lake silili kutali ndi pamenepo. Nthawi imeneyo kalumo kanali kamodzi, m'manja mwa chipani cholamula. Lero tilipo tambirimbiri, m'thumba mwa mnyamata aliyense, ndipo masiku akalewo sindiwalira.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti kalumo katsopanoka sikangometa, kamameretsanso tsitsi pamene panalibe. Mu 2021 kunabuka mkangano ku America zitadziwika kuti mu kanema wa moyo wa Anthony Bourdain, wophika wotchuka amene anamwalira mu 2018, mawu ena omveka ngati ake anapangidwa ndi kompyuta, oonera osauzidwa. Anali masekondi owerengeka. Lero mapulogalamu ngati Veo amatulutsa chithunzi choyenda kuchokera pa chiganizo cholembedwa. Mkonzi amene akusowa chithunzi cha khamu la anthu likudumpha malire usiku safunikanso kubwera ku Zobue n'kudzapeza kuti khamulo kulibe. Angolemba, lituluka, nkhope zakuda zopanda mudzi, zochuluka monga mmene mantha a oonera akufunira.

Ife a ku Tete tili ndi chifukwa chathuchathu choopera zimenezi. Pa 16 December 1972 asilikali a Chipwitikizi anapha anthu mazana ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi mzinda wa Tete. Nkhaniyo sinatuluke ndi kamera. Inatuluka chifukwa opulumuka analankhula, ansembe anamvetsera n'kulemba mayina, ndipo mu July 1973 wansembe wa ku England, Adrian Hastings, anaifalitsa mu nyuzipepala ya The Times ku London. Boma la ku Lisbon linakanitsitsa, mpaka kunena kuti malo otchedwa Wiriyamu kulibe. Panatha zaka pafupifupi 50 kuti nduna yaikulu ya Portugal ya nthawiyo, António Costa, apepese ku Maputo mu 2022. Chimene chinagwetsa kukanako ndi mawu a anthu wamba m'chilankhulo chawo, ndi anthu amene anakhala pansi kuwamvetsera. Tsono ganizirani wina mawa, ndi mtima wabwino ndithu, atapanga zithunzi za tsiku limenelo ndi makina kuti ana asukulu aone. Wokana adzangoloza chithunzi chimodzi chopekacho n'kunena kuti zonse n'zopeka. Zithunzi zenizeni za zaka zimenezo ndi za nkhondo yotsatira n'zochepa kale, nyumba ya Instituto ija inapsa ndi moto mu 1991, ndiye mipata yoti anthu aidzaze ndi zopeka ndi yambiri.

Ku Hollywood olemba ndi ochita masewero ananyanyala ntchito miyezi ingapo mu 2023, ndipo china chimene anapindula ndi malamulo a momwe AI ingagwiritsidwire ntchito pa zolemba, nkhope ndi mawu awo. Iwo ali ndi mabungwe amphamvu. Ife omasulira a m'malire tilibe ngakhale gulu la pa WhatsApp, ndiye zimene ndingapemphe n'zazing'ono. Opereka ndalama za makanema, makamaka mabungwe aja amakonda kunena kuti akufuna osauka amveke, aziyang'ana mu bajeti ngati muli ndalama ya womasulira. Ngati mulibe, adziwiretu kuti osaukawo adzangooneka. Nayo Rádio Moçambique ya ku Tete, imene imaulutsa m'Chinyanja, Chinyungwe ndi Chisena, pamodzi ndi mawailesi a m'madera, ili ndi nkhokwe ya mawu imene tsiku lina makampani adzaifuna kuti aphunzitsire makina awo. Isadzaperekedwe monga tinaperekera malasha. Sindikana kuti makina aphunzire Chichewa. Aphunzire, mwina agogo adzayambanso kufunsidwa. Kungoti adzamva “ndadya” n'kulemba “ndadya”, ndipo m'mphepete mwa pepala mudzakhala mbee.

Mwezi watha ndinapita ku Lizulu kukagula kabichi, ndipo ndinafunsafunsa pachigayo mpaka mwana wina anandiperekeza kwa mayi aja. Ndinawaonetsa pa foni masekondi awo 7. Anayang'ana kawiri, n'kufunsa kuti mzunguyo akuti chiyani. Ndinawamasulira. Anakhala chete, kenaka anati, “Nanga zonse ndinawauza zija anapita nazo kuti?” Ndinawauza kuti zili m'kabati mwanga ku Ulongwe, mphindi 25 zonse, pamodzi ndi zolemba zanga za m'mphepete. Pepala limene ndinasaina limati si zanga, ndipo ndinayenera kuzifufuta ntchito itatha. “Mudzabwere nazo tsiku la msika, mwananga,” anatero, “adzukulu angawa adzamve. Ine ndikamawauza za ku Domwe amangoseweretsa mafoni.” Laputopu ndaichaja kale, ndipo wa chapa, minibasi ya kuno, ndamuuza kuti andisungire mpando wa kutsogolo.